Madzi otentha a alendo pa loji: giza, nkhuni, sola, gasi kapena heat pump?

Pa loji yopanda makina oziziritsa m'zipinda, malo awiri ndiwo amadya mphamvu zambiri, khitchini ndi bafa. Za kukhitchini zimaonekera, chifukwa makala kapena gasi akatha wophika amanena. Za kubafa zimabisika m'denga, mmene giza imatenthetsa madzi usana ndi usiku ngakhale m'chipinda mulibe munthu, kapena kuseri kwa nyumba, kumene mlonda amasonkhezera mgolo ndi nkhuni zimene palibe anafunsa kumene zadulidwa. Maloji ambiri amaika kakhadi m'bafa kopempha mlendo kuti asachapitse thawulo tsiku lililonse. Kakhadiko n'kabwino ndipo tikambapo, koma nkhani yaikulu ili pa mmene madziwo atenthera.

Njira zimene mwini loji ku Mangochi, Senga Bay, Nkhata Bay, Zomba kapena ku Mulanje angasankhepo ndi zisanu. Iliyonse imadalira manja a anthu awiri: wantchito amene amayatsa, kuzimitsa ndi kupukuta, ndi mlendo amene amatsegula mpopi. Chipangizo chabwino chimene antchito anu sangachisamale, kapena chimene sichigwirizana ndi nthawi imene alendo anu amasamba, chidzaononga ndalama ndi chilengedwe chomwe.

## Miyeso yoti muyambe mwaidziwa

Mphamvu yotenthetsera madzi ndi imodzimodzi, kaya ichokere ku magetsi, ku moto kapena ku dzuwa. Pa chiwerengero cha pa mita ya ESCOM, malita 150 ochoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amadya mayunitsi pafupifupi 7. Mlendo wosamba mphindi 8 pa shawa yotulutsa malita 10 pa mphindi amatsitsa malita 80, ndipo kufunditsa madzi amenewo kufika pa madigiri 40 kumadya mayunitsi pafupifupi 1.9. Mlendo yemweyo atasamba mphindi 5 pa shawa ya malita 7 pa mphindi, sangafike ngakhale yuniti imodzi.

Choncho musanagule kalikonse, tengani ndowa ya malita 10, muitchere pansi pa shawa iliyonse, mutsegule mpopi wonse n'kuyang'ana wotchi. Ikadzadza mphindi isanakwane, sinthani mutu wa shawayo muike wotulutsa malita 6 mpaka 8. Kusintha kumeneku n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse m'nkhani ino, ndipo kumachepetsa kukula kwa chipangizo chimene mudzagule. Chenjezo lake ndi limodzi: ngati madzi anu amatsika okha kuchokera mu thanki yokhala pa nsanja yaifupi, mutu wopanikiza madzi umangodonthetsa. Thanki yokwera mamita 10 ndiyo imapereka bar imodzi, muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi, ndipo nsanja zambiri sizifika apo.

Yesaninso kutalika kwa mapaipi. Paipi ya mamilimita 22 imasunga pafupifupi lita imodzi pa mamita atatu alionse. Chipinda chokhala mamita 20 kuchokera pamene madzi amatenthera chimayamba chataya malita 6 kapena 7 a madzi ozizira mlendo asanalowe m'shawa, ndipo akamaliza, madzi otentha ochuluka chimodzimodzi amatsalira m'paipi n'kuzizira. Pa loji ya tinyumba tomwazikana m'mphepete mwa nyanja, mtunda umenewu ndi umene umagamula ngati mungakhale ndi chotenthetsera chimodzi chachikulu kapena chaching'ono pa nyumba iliyonse.

Njira iliyonse tiiyesa pa zinthu zinayi. Mtengo, wogulira ndi wa tsiku ndi tsiku womwe. Kupezeka kwa chipangizo, zosinthira zake, ndi chimene chimadya. Kasamalidwe, makamaka ntchito imene imagwera antchito. Ndi zoopsa zake, kwa anthu ndi kwa malo. Mitengo tikuiwerengera m'mayunitsi ndi m'makilogalamu chifukwa ya m'makwacha siikhalitsa: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zambiri mwa zipangizozi zimachokera kunja. Muchulukitse nokha ndi mtengo wa lero.

## Giza ya magetsi

Mtengo. Kugula ndi kuika n'kotsika poyerekeza ndi sola kapena heat pump. Ndalama zimathera pa mita. Kuwonjezera pa mayunitsi otenthetsera madzi, giza ya malita 150 imataya mayunitsi pafupifupi 2 pa tsiku kudzera m'makoma ake, ngakhale wina asakhudze mpopi. Tengani loji ya zipinda 10, chilichonse ndi giza yake, alendo 20 osamba kamodzi pa tsiku: mayunitsi 38 apita ku kusamba, ena pafupifupi 20 angotayika. Mu Januwale ndi Febuluwale, alendo akachepa chifukwa cha mvula, mayunitsi 20 aja amapitabe tsiku ndi tsiku ngati palibe wozimitsa.

Kupezeka. Magiza amapezeka m'masitolo a zomangira ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo pulambala aliyense amaidziwa. Chosowa ndi magetsi enieniwo. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kunafika paliponse. Elementi, chitsulo chimene chimatenthetsa madzi m'kati mwa giza yotere, imakhala ya makilowati atatu. Magiza khumi oyaka pamodzi ndi makilowati 30, amene jenereta yaing'ono singanyamule, ndipo kuwotcha dizilo kuti mutenthetse madzi ndi njira yodula kwambiri ndiponso yoipitsa mpweya.

Kasamalidwe. Thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha kwa madzi, ikhale pa madigiri 60. M'kati mwa giza muli ndodo ya anode, imene imadyeka m'malo mwa thanki. Iyang'aniridwe chaka chilichonse ndi kusinthidwa ikatha, apo ayi thanki imachita dzimbiri n'kuboola. Madzi a pa mjigo okhala ndi laimu amakuta elementi ndi zoyera zolimba mpaka imapsa msanga. Koma ntchito yaikulu ndi ya anthu. Switchi iliyonse pa bolodi ya magetsi ilembedwe nambala ya chipinda. Wa pa ofesi yolandirira alendo apereke m'mawa uliwonse mndandanda wa zipinda zimene zilowedwe, giza iyatsidwe maola awiri ndi theka kapena atatu mlendo asanafike, ndipo izimitsidwe akangobweza kiyi. Kumene antchito amasinthana kawirikawiri, timer, kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yoikika, imagwira ntchito imeneyi mosaiwala.

Zoopsa. Ena amatsitsa thermostat kufika pa 45 pofuna kusunga mayunitsi. Musatero. Kachilombo ka Legionella, kamene kamayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi ya m'shawa, kamaswana m'madzi a madigiri 20 mpaka 45. Chipinda chikakhala sabata kapena kuposa chopanda mlendo, madzi afike pa 60 ndipo wokonza m'zipinda atsegule shawa kwa mphindi zingapo mlendo asanalowe. Valavu yotulutsa mphamvu ikamadontha, ikonzedwe kapena kusinthidwa. Kuitseka ndi pulagi n'kuika bomba m'denga. Ndipo madzi akasiya kutuluka m'mipopi, giza izimitsidwe, chifukwa elementi yoyaka mu thanki youma imapsa nthawi yomweyo.

## Boila ya nkhuni

Iyi ndi ija ya mgolo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, imene ena amaitcha donkey.

Mtengo. Mgolo, njerwa, mapaipi ndi mmisiri wa m'mudzi, basi. N'chifukwa chake ili paliponse. Koma moto wambiri umapita m'mwamba. Nkhuni zouma bwino zimasunga mphamvu yofanana ndi mayunitsi 4 pa kilogalamu, ndipo mgolo wodzadza umafuna mayunitsi pafupifupi 9. Ngati gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a motowo ndi limene likulowa m'madzi, monga zimakhalira pa ng'anjo yotseguka kutsogolo yopanda chumuni, kutenthetsa kamodzi kumadya nkhuni zoposa makilogalamu 10. Kawiri pa tsiku kwa chaka chonse ndi matani oposa 7, pa mgolo umodzi wokha.

Kupezeka. Apa ndi pamene mwini loji ayenera kudziuza zoona. Nkhuni za pamsewu n'zosavuta kupeza, koma zambiri ndi tsanya, mombo, muwanga ndi mitengo ina yachilengedwe imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Ku Cape Maclear, mapiri ozungulira mudzi wa Chembe ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kuikidwa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Phiri likametedwa, mvula imakokolera dothi m'nyanja, matope n'kukuta miyala imene mbuna zimadyapo ndere, nsomba zomwezo zimene alendo amabwerera kudzaona. Kumunsi, dothi la m'mapiri opanda mitengo ndi limene limadzadza madamu a pa Shire n'kuchepetsa magetsi. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwanso mu 2020, ndipo kugula makala kapena mitengo yopanda chilolezo kungakuikeni pa mlandu.

Boila imakhala yoyenera pokhapokha nkhunizo zikuchokera m'munda wanu wa mitengo kapena kwa mlimi wodziwika amene anadzala yekha. Keshya ndi bulugamu amaphukanso akadulidwa, nsungwi zimakula msanga, ndipo zitsononkho ndi mabriketi a utuchi zimayaka bwino m'ng'anjo yokhala ndi mpweya wokwanira.

Kasamalidwe. Zinthu zinayi zimachepetsa nkhuni kwambiri: chumuni chachitali kuseri, chitseko chachitsulo pakamwa pa ng'anjo, zitsulo zokhazikapo nkhuni kuti mpweya ulowe chapansi, ndi kukuta mgolo wonse ndi njerwa kusiya kampata koti lawi lizungulire. Nkhuni ziwazidwe zing'onozing'ono ndi kusungidwa pa denga miyezi ingapo. Zaziwisi zimathera mphamvu yake pouma zokha ndipo zimadzadza mwaye pansi pa mgolo, mwaye umene umatchinga kutentha. Phulusa lichotsedwe tsiku lililonse. Wosonkha moto auzidwe chiwerengero cha alendo madzulo, kuti asayatse migolo itatu pamene pali anthu anayi, ndipo nthawi yosamba ilembedwe m'zipinda kuti moto usamayake tsiku lonse podikira munthu mmodzi.

Zoopsa. Mgolo wotsekeka wopanda paipi yopumira umaphulika madzi akawira. Paipi imeneyo ichoke pamwamba pa mgolo, italike kupitirira madzi a mu thanki yodyetsera, ndipo pasakhale mpopi uliwonse pa iyo. Mgolo umene munali mankhwala a m'munda usagwiritsidwe ntchito ngakhale utatsukidwa. Chumuni chikhale kutali ndi madenga a udzu, makamaka nyengo ya mwera. Utsi umavulaza mlonda amene amaupuma m'bandakucha uliwonse, ndipo umalowa m'zipinda za alendo mphepo ikatembenuka.

## Giza ya sola

Musaisokoneze ndi mapanelo opanga magetsi. Iyi imatenthetsa madzi mwachindunji, ndipo ili ya mitundu iwiri: ya machubu agalasi, ndi ya bokosi lathyathyathya lokhala ndi mapaipi a kopa pansi pa galasi.

Mtengo. Kugula kumaposa giza ya magetsi, ndipo muwonjezere nsanja, valavu yosakaniza madzi ndi zokutira mapaipi. Ikaikidwa bwino, mayunitsi 7 aja amachokera ku dzuwa kwa masiku ambiri a chaka. Werengerani malita 50 a madzi otentha pa mlendo aliyense pa tsiku, kutanthauza malita 100 pa chipinda cha anthu awiri, kapena 150 ngati alendo anu amasamba m'mawa ndi madzulo. Pa ya machubu, chubu chimodzi chimayendera malita pafupifupi 10, choncho thanki ya malita 200 imakhala ndi machubu 20 kapena cha pamenepo. Wogulitsa akakupatsani thanki yaikulu ya machubu ochepa, madzi adzakhala ofunda chabe.

Kupezeka. Ya machubu ndiyo yofala m'mizinda ikuluikulu. Pogula, tenganitu machubu atatu kapena anayi apadera ndi mphira zake, chifukwa chubu cha kampani ina sichikwana nthawi zonse, ndipo kuyendetsa galasi limodzi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Chintheche kapena ku Likoma n'kovuta. Dzuwa la kunyanja ndi la m'chigwa cha Shire n'lokwanira chaka chonse kupatula masiku a mvula yosalekeza. Ku Mulanje, Thyolo ndi pa phiri la Zomba, chiperoni chimatha kuphimba dzuwa masiku atatu kapena anayi otsatizana mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwe alendo amafuna madzi otentha kwambiri.

Kasamalidwe. Dziko lino lili kumwera kwa equator, choncho sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 15 mpaka 25. Mthunzi muuyese mu Juni, pamene dzuwa limadutsa chakumunsi kumpoto. Mtengo wa mango umene sutchinga mu Okutobala ukhoza kutchinga theka la tsiku nyengo yozizira. Thanki ya malita 200 yodzadza, pamodzi ndi machubu ndi zitsulo zake, imalemera pafupifupi makilogalamu 300. Pa nyumba ya denga la udzu imangireni nsanja yakeyake pambali.

Fumbi la Seputembala ndi Okutobala lipukutidwe ndi nsalu yonyowa sabata iliyonse, m'mawa galasi lisanatenthe. Wopukutayo aphunzitsidwe kuyang'ana kumunsi kwa chubu chilichonse: pakakhala powala ngati siliva, chubu chili bwino, pakayera ngati ufa, mpweya walowa ndipo chubucho chasiya kugwira ntchito. Madzi akatha mu thanki masana, musadzadze mpaka usiku kapena m'mawa kwambiri, chifukwa madzi ozizira akalowa m'machubu ouma otentha, galasi limasweka, ndipo pa mtundu umene madzi amalowa m'machubu momwemo, chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthuka.

Chimene chimakhumudwitsa eni maloji ambiri ndi nthawi. Madzi amafika pachimake cha m'ma 3 koloko masana. Alendo akasamba madzulo, madzi ozizira amalowa m'malo mwake, ndipo wosamba 6 koloko m'mawa amapeza ofunda pang'ono. Akadandaula kawiri, wina amayatsa elementi yothandizira ya mu thanki n'kuisiya, ndipo kuyambira tsiku limenelo magetsi amakhala atatenthetsa kale madzi dzuwa lisanatuluke, dzuwa n'kusowa chochita. Loji imapitiriza kulipira mayunitsi ngati kale, sola ili padenga. Njira yake ndi kuika elementi pa timer, iyake ola limodzi kapena awiri cha m'ma 4 koloko madzulo pa masiku a mitambo okha, ndi kanthawi kochepa m'bandakucha ngati pali alendo onyamuka m'mawa. Ochapa zovala ndi otsuka mbale atenge madzi otentha cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuti dzuwa lipeze mpata wotenthetsanso alendo asanabwere kuchokera kunyanja.

Zoopsa. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amatha kupitirira madigiri 80, pamene a madigiri 60 okha amawotcha khungu m'masekondi ochepa. Valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, yoikidwa kuti ku shawa kusafike oposa madigiri 50, n'njofunika pa malo olandira ana ndi anthu osadziwa mipopi yanu. Anyani ndi apusi amalumphira pa machubu, matalala amaswa. Waya wa sefa wokhala pa felemu pamwamba pake umateteza popanda kutchinga dzuwa kwambiri. Kumene kuli anyani ambiri, ya bokosi lathyathyathya imapirira kuposa ya machubu.

## Giza ya gasi

Ilibe thanki. Mpopi ukatsegulidwa moto umayaka n'kutenthetsa madzi akudutsa, ukatsekedwa moto umazima.

Mtengo. Chipangizocho si chodula kwambiri, ndipo chipinda chopanda mlendo sichidya kalikonse, popanda wina kukumbukira kuzimitsa. Kilogalamu imodzi ya gasi imapereka kumadzi mphamvu ya mayunitsi 10 kapena 11, kutanthauza kusamba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kwa mphindi 8 kuja. Alendo 20 angamalize silinda ya makilogalamu 19 sabata isanathe. Vuto lake n'lakuti madzi otentha satha, choncho palibe chimene chimatulutsa mlendo m'bafa. Apa mutu wa shawa wosunga madzi ndi kakhadi ka pakhoma zimagwira ntchito kuposa pena paliponse.

Kupezeka. Gasi amachokera kunja, ndipo mtengo wake, umene bungwe la MERA limalengeza, umayendera kwacha. Ndalama zakunja zikasowa amatha kusowa. Malo odzadzira ali m'mizinda ndi m'maboma ena, choncho loji yakutali ikhale ndi masilinda okwanira milungu iwiri, ndipo iwerengere mtengo wa galimoto kapena boti yowanyamula.

Kasamalidwe. Zambiri zimayaka ndi mabatire awiri akuluakulu a tochi. Akafooka, giza imangolira osayaka. Imafunanso madzi othamanga mokwanira kuti moto uyambe, ndiye funsani mphamvu imene ikufunika musanagule, ndipo ngati thanki yanu ili pafupi ndi pansi muike kapampu. Kasefa ka polowera madzi katsukidwe mwezi uliwonse, makamaka ngati mumapopa m'nyanja momwe muli mchenga. Lawi likhale la buluu. Lachikasu likusonyeza kuti poyakira patsekeka, kawirikawiri ndi zisa za mavu kapena akangaude. Posintha silinda, pakani madzi a sopo polumikizira: pakatuluka thovu, gasi akutuluka.

Zoopsa. Iikidwe panja pa khoma, osati m'bafa. Moto woyaka m'chipinda chotsekeka umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, umene umagwetsa munthu ali m'shawa. Masilinda aimirire pamthunzi, m'kanyumba kolowa mphepo chapansi, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akatuluka amakhazikika pansi. Pa chilengedwe, gasi ndi mafuta okumbidwa pansi ndipo amatulutsa utsi wotenthetsa dziko, koma sadula mtengo wa m'phiri.

## Heat pump

Imagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa: imakoka kutentha kwa mumpweya n'kukulowetsa m'madzi.

Mtengo. Ndiyo yodula kwambiri pogula. Pa ntchito, madzi amene giza wamba imatenthetsa ndi mayunitsi 7 iyo imawatenthetsa ndi mayunitsi awiri ndi theka kapena atatu, ndipo kumalo otentha monga Salima ndi Mangochi imachita bwino koposa. Imabweza ndalama zake pamene zipinda zimakhala zodzadza ndipo zili pafupipafupi moti thanki imodzi yaikulu ikwanira zonse.

Kupezeka. Siipezeka mwachisawawa; nthawi zambiri imaitanitsidwa, ndipo zosinthira zake zimachedwa. Imafuna magetsi maola angapo pa tsiku, ngakhale kuti chifukwa imakoka pang'ono, mapanelo a sola angaiyendetse masana.

Kasamalidwe. Timapepala tachitsulo ta kumbuyo kwake titsukidwe fumbi ndi masamba, ndipo kamodzi pa chaka ionedwe ndi mmisiri wa mafiriji. Ngati mmisiri wotereyu ali ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pa malo anu, ganizani kawiri.

Zoopsa. Magetsi obwera mwamphamvu akatha kuthima amawotcha kompresa ndi bolodi yake, choncho chotetezera magetsi n'chofunika. Imachita phokoso ngati la makina oziziritsa, ndiye isakhale pansi pa zenera la chipinda chogona.

## Za kakhadi ndi manja a antchito

Mawu a pa kakhadi ali ndi mphamvu. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2008, wochitikira mu hotela ya ku America, anapeza kuti kakhadi kongopempha alendo kuteteza chilengedwe kanachititsa 35 mwa alendo 100 alionse kugwiritsanso ntchito thawulo, pamene kowauza kuti alendo anzawo ambiri amatero kanafikitsa chiwerengerocho pa 44. Lembani zoona ndiponso zachindunji: kuti madzi amatenthedwa ndi dzuwa ndipo amatentha kwambiri kuyambira 3 koloko mpaka usiku, kapena kuti moto umayatsidwa 5 koloko ndi nkhuni za m'munda wa pa loji pomwepo. Mlendo wouzidwa chifukwa amasintha nthawi yake mosavuta kusiyana ndi amene wangopeza madzi ozizira. Ndowa yoyera m'shawa, yotcherera madzi oyamba ozizira aja kuti akathirire maluwa, alendo ambiri amaigwiritsa ntchito akaiona.

Kakhadi kamafa ngati wokonza m'zipinda akusinthabe thawulo limene mlendo walipachika. Nthawi zambiri amatero poopa kudzudzulidwa kuti sanagwire ntchito, choncho woyang'anira anene momveka kuti kusiya thawulo lopachikidwa ndi lamulo la pa malopo. Bafa litsukidwe ndi madzi ozizira a mu ndowa, osati shawa yotentha ili chitsegukire. Munthu mmodzi alembe m'kope m'mawa uliwonse mayunitsi a pa mita, nkhuni kapena gasi amene wapita, ndi chiwerengero cha alendo amene anagona. Pakatha mwezi mudzadziwa zimene mlendo mmodzi amadya, ndipo nambala ikakwera mwadzidzidzi mudzapeza elementi yoiwalika kapena paipi yodontha. Gawo la ndalama zopulumutsidwa likapita kwa antchito, kopelo silidumpha tsiku.

## Njira iti pa malo ati

Loji ya kunyanja ya tinyumba tomwazikana, kumene dzuwa n'lambiri ndipo magetsi ngosadalirika: sola pa kanyumba kalikonse kapena pa tiwiri toyandikana, ndi valavu yosakaniza madzi. Yothandizira ikhale elementi ya pa timer ngati ESCOM ilipo, kapena giza ya gasi yopangidwira kulandira madzi ofunda kale ngati kulibe.

Malo a m'mapiri a chiperoni, ndi ku Nyika kumene kumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi: sola payokha sikwanira. Gasi ndiye wodalirika, sola n'kumangomuchepetsera ntchito. Ngati muli ndi munda wanu wa paini kapena bulugamu, boila yomangidwa bwino ya chumuni ndi chitseko ili ndi malo ake kuno.

Nyumba ya alendo ya m'tauni imene ili kale ndi magiza a magetsi ndipo ndalama n'zochepa: musazule kalikonse chaka chino. Sinthani mitu ya shawa, kutani mapaipi, lembani manambala pa bolodi, ikani timer. Giza ikaboola, m'malo mwake muike ya sola.

Hotela ya zipinda 20 kapena kuposa m'nyumba imodzi, yodzadza ndi misonkhano, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mangochi: heat pump ndi thanki yaikulu imodzi, mmisiri wodziwika amene mwapangana naye, ndi elementi yoyembekezera tsiku limene idzaonongeke.

Malo amene alendo amabwera Loweruka ndi Lamlungu okha kapena nyengo ya tchuthi: gasi, chifukwa sola yokhala masiku asanu osatsegulidwa imawiritsa madzi n'kuononga mphira ndi mavalavu ake, pokhapokha wina aziphimba machubu ndi nsalu.

Malo a matenti ndi a alendo oyenda ndi zikwama, okhala ndi mabafa a onse pamalo amodzi: sola yaikulu imodzi pamwamba pa mabafawo, mapaipi aafupi, ndi nthawi ya madzi otentha yolembedwa pa chitseko. Ngati malowo ali m'malire a paki kapena nkhalango ya boma ndipo mulibe munda wanu wa mitengo, boila ya nkhuni muichotse pa mndandanda.